Ndani amalipira ntchito yoyeza madzi a m'mphepete mwa nyanja zamchere?

M'zaka za 2007 ndi 2008, pamalo oswetsera nkhono zam'nyanja zotchedwa oyster ku Netarts Bay, m'chigawo cha Oregon ku America, tiana ta nkhonozi tinayamba kufa mwaunyinji. Malowa, omwe amadziwika kuti Whiskey Creek, ndi amene ankagulitsa mbewu ya nkhono kwa alimi ambiri a m'gombe la kumadzulo kwa dzikolo, choncho tianato titayamba kufa alimi ambiri anasowa mtengo wogwira. Poyamba aliyense ankaganiza kuti ndi matenda. M'madzimo munapezekadi bakiteriya wina woopsa, ndipo eni malowo analowetsa ndalama zambiri pa makina osefera madzi ndi ophera tizilombo. Tizilomboto tinatha, koma imfa sinathe.

Chinsinsi chinaululika pamene Alan Barton, yemwe ankagwira ntchito pamalopo, anagwirizana ndi Burke Hales wa ku Oregon State University n'kuyamba kuyeza madzi amene ankapopedwa kuchokera m'nyanja. Anaona kuti tiana timafa mphepo yakumpoto ikaomba. Mphepoyi imakankhira madzi a pamwamba kutali ndi gombe, ndipo madzi ozizira a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake. Madzi a pansiwo amakhala odzaza ndi mpweya wa carbon dioxide, umene umachulukitsa asidi m'madzi. Kankhono kongoswedwa kumene kamayenera kumanga chigoba chake choyamba m'masiku awiri oyambirira, kasanayambe n'komwe kudya, ndipo m'madzi otere kamathera mphamvu zake zonse pa ntchito imeneyi mpaka kufa kapena kupinimbira. Atadziwa zimenezi, anasintha nthawi yopopera madzi, anayamba kuthiramo sodium carbonate kuti asidi achepe, ndipo anaika makina oyeza madzi usana ndi usiku. Ntchito inayambanso kuyenda.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati umboni woti nyanja ikudwala. Ine ndimaonapo chinanso. Anthuwa anapulumuka chifukwa pafupi nawo panali yunivesite, panali katswiri wodziwa kuyeza kaboni m'madzi amchere, panali zida, ndipo zonsezi panali amene anazilipirira kalekale vutolo lisanafike. Magombe ambiri padziko lapansi alibe mwayi umenewu. Nsomba kapena nkhono zikafa kumeneko, anthu amangoti chaka chino nyanja yatembenuka, n'kuthera pomwepo.

Tiyambe tamvetsa chimene chikuchitika m'madzimo. Tikamawotcha malasha, mafuta ndi gasi, komanso tikamapanga simenti ndi kudula nkhalango, carbon dioxide amachuluka mumlengalenga. Mafakitale asanayambe, mpweyawu unali pafupifupi magawo 280 pa magawo 1 miliyoni aliwonse a mpweya wonse. Lero wadutsa 420. Nyanja zamchere zimameza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya umene timatulutsawu. Zikanapanda kutero bwenzi dziko litatentha kuposa mmene lilirimu. Koma mpweyawu ukalowa m'madzi umasanduka asidi wofooka, ndipo asidiyo amalanda tizidutswa ta carbonate timene nkhono, makorali (tizamoyo tomanga matanthwe pansi pa nyanja) ndi tizamoyo tina ting'onoting'ono timagwiritsa ntchito pomanga zigoba ndi mafupa. Carbonate akachepa, kumanga chigoba kumafuna mphamvu zambiri. Akachepetsetsa, chigoba chomangidwa kale chimayamba kusungunuka.

Asayansi amayeza asidi pa sikelo yotchedwa pH, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka. Madzi a pamwamba pa nyanja anali pafupifupi pa 8.2 mafakitale asanayambe, pano ali pa 8.1. Munthu angati kusiyanako n'kochepa zedi, koma sikeloyi imayenda mochulukitsa: kutsika ndi 1 yathunthu n'kuchuluka kwa asidi kakhumi. Kutsika ndi 0.1 kukutanthauza kuti asidi wawonjezeka ndi pafupifupi 26 mpaka 30 peresenti. Nyanja sinasanduke chinthu chowotcha khungu ayi, madzi ake akadali pamwamba pa 7, malire amene pansi pake madzi amatchedwa asidi weniweni. Choopsa ndi liwiro lake, chifukwa kusinthaku kwachitika m'zaka pafupifupi 200 zokha, pomwe zamoyo zam'nyanja zinazolowera madzi osinthasintha pang'onopang'ono pa zaka zikwizikwi.

Vuto lachiwiri limachokera kumtunda, ndipo n'lakale kuposa loyambali m'maso mwa asayansi. Fritz Haber atapeza njira yokokera nayitrojeni mumpweya mu 1909, Carl Bosch n'kuisandutsa fakitale mu 1913, feteleza anayamba kupangidwa wochuluka. Anthu mabiliyoni ali moyo lero chifukwa cha feteleza ameneyu, ndipo aliyense wokamba za kuipa kwake asamaiwale zimenezi. Koma mbewu zimangotenga pafupifupi theka la nayitrojeni amene amathiridwa m'minda. Wotsalayo amauluka, amalowa pansi, kapena amakokoloka ndi mvula kupita m'mitsinje. Kumeneko amakumana ndi fosiforasi, ndowe za m'makola akuluakulu a ziweto, ndi zonyansa za m'mizinda zimene sizinatsukidwe bwino. Zonsezi ulendo wake umathera kunyanja.

Zikafika kumathiriro a mtsinje zimagwira ntchito yomwe ija ya feteleza, koma pa ndere. Ndere zimaswana mpaka madzi kubiriwira. Kenako zimafa, zimamira, ndipo mabakiteriya amayamba kuziwoletsa. Powoletsapo amagwiritsa ntchito okosijeni wa m'madzi. Nthawi yotentha, madzi opepuka a mumtsinje amayandama pamwamba pa madzi olemera amchere, moti okosijeni wa mumlengalenga safika pansi. Okosijeni akatsika kufika pansi pa mamiligalamu 2 pa lita imodzi, nsomba zimathawa, ndipo nkhanu, nyongolotsi ndi nkhono zosatha kuthawa zimafera pomwepo. Malo otere ndi amene amatchedwa madera akufa. Mu 2008 Robert Diaz ndi Rutger Rosenberg anawerenga malo oposa 400 oterewa padziko lonse, ndipo patatha zaka khumi chiwerengerocho chinali chitadutsa 500.

Lodziwika kwambiri ndi la ku Gulf of Mexico, kumene mtsinje wa Mississippi umathira madzi ochokera ku 41 peresenti ya mtunda waukulu wa America, kuphatikizapo minda ikuluikulu ya chimanga ndi soya. Nancy Rabalais ndi anzake anayamba kuliyeza mu 1985, ndipo chakumapeto kwa Julaye chaka ndi chaka sitima imayenda uku ndi uku, kutsitsa zida pansi pa madzi pamalo omwewo. Mu 2017 deralo linakula kufika masikweya kilomita pafupifupi 22,700, ndipo limenelo ndi lalikulu kuposa onse amene anayezedwapo kumeneko. Boma la America ndi zigawo zake zinalonjeza kulichepetsa kufika pa masikweya kilomita 5,000 pofika 2015. Chakacho chitafika cholinga chisanakwaniritsidwe, anachikankhira ku 2035. Timadziwa kuti lonjezolo linalephereka chifukwa choti sitima ija inkapitabe kukayeza.

Kwa nthawi yaitali mavuto awiriwa ankafufuzidwa ndi magulu osiyana. Za asidi zinali za akatswiri a nyengo ndi a nyanja zakuya. Za ndere ndi okosijeni zinali za akatswiri a mitsinje, ulimi ndi madzi onyansa. Koma bakiteriya akamawoletsa ndere samangomeza okosijeni, amatulutsanso carbon dioxide. Ndiye kuti madzi a pansi omwe asowa okosijeni ndi omwenso asidi wake wakwera. Mu 2011 Wei-Jun Cai ndi anzake anaonetsa zimenezi ku Gulf of Mexico ndi ku East China Sea, ndipo anapezanso chinthu chodetsa nkhawa: asidi wochokera mumlengalenga akakumana ndi wochokera ku ndere zowola, zotsatira zake zimaposa kungowonkhetsa ziwirizo. Madzi a m'nyanja ali ndi mphamvu yachibadwa yoziziritsa asidi, koma mphamvuyo imafooka carbon dioxide akamachuluka, moti wobwera pambuyo amaluma kwambiri kuposa woyamba. M'magombe ena asidi amene akuyembekezeka m'nyanja yakuya kumapeto kwa zaka 100 zino wafika kale nthawi yotentha. Kanyama kokhala pansi pamenepo kamakumana ndi zonse nthawi imodzi: okosijeni wochepa, asidi wochuluka, ndiponso madzi otentha kuposa kale.

Mfundo imeneyi ili ndi mbali yopatsa chiyembekezo, ndipo ndi imene iyenera kutsogolera opereka ndalama. Mzinda umodzi kapena dziko limodzi silingaletse carbon dioxide wa dziko lonse lapansi. Koma lingathe kukonza malo otsukira madzi onyansa, lingathe kuthandiza alimi kuthira feteleza wokwanira pa nthawi yake, lingathe kubwezeretsa madambo amene amasefa madzi asanafike kunyanja. Funso limene akuluakulu a mzinda amafuna yankho lake n'lakuti: pa asidi amene ali m'gombe lathu lino, wochuluka bwanji akuchokera kumtunda kwathu konkuno, ndipo tikachepetsa nayitrojeni ndi mlingo wakutiwakuti, madzi asintha bwanji? Yankho la funsoli silingabwerekedwe ku gombe lina. Pamafunika kuyeza pamalo pomwepo.

Apa ndi pamene ndalama zimalowera, chifukwa kuyeza madzi a m'mphepete n'kovuta kuposa kuyeza a pakati pa nyanja. Pakati pa nyanja madzi amakhala odekha. Pa malo otchedwa Station ALOHA kumpoto kwa Hawaii ndi pa malo ena kufupi ndi Bermuda, asayansi akhala akutunga madzi pafupifupi mwezi ndi mwezi kuyambira 1988, ndipo mzere wa pH umaoneka bwinobwino ukutsika. Kugombe n'zosiyana. Pamalo pomera udzu wa pansi pa nyanja, pH imakwera masana zomera zikamakoka carbon dioxide, n'kutsika usiku, ndipo kusintha kwa tsiku limodzi kumatha kuposa kusintha konse kwa nyanja yakuya pa zaka 200. Mvula ikagwa mtsinje umasintha zonse. Mafunde akadzaza ndi kuphwa, zasinthanso. Kuti munthu asiyanitse kusintha kwenikweni ndi phokoso lonseli, amafunika kuyeza pafupipafupi kwa zaka makumi awiri kapena kuposa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa sayansi iyi kudekhako kumagulidwa ndi ndalama.

Ndalamazo zimagula chiyani kwenikweni? Choyamba ndi masiku a sitima, omwe pa sitima yaikulu yofufuzira amadya madola zikwi makumi angapo pa tsiku. Pali zida zomangirira m'madzi zoyeza pH, okosijeni, mchere ndi kutentha. Chida chotere chikakhala m'madzi a kugombe masabata ochepa chabe, ndere ndi tizigoba timamera pa diso lake, ndipo chimayamba kunama pang'onopang'ono popanda kuonetsa kuti chikunama. Pamafunika munthu wopita pa boti kukachivuula, kuchitsuka, kutunga madzi m'botolo lagalasi pambali pake, kuthiramo kadontho ka mankhwala opha tizilombo kuti madziwo asasinthe, kutseka botololo mosalola mpweya kulowa, n'kupita nalo ku labotale kukaliyerekeza ndi zimene chidacho chanena. Munthu ameneyu dzina lake silioneka pamwamba pa lipoti, koma akachoka chifukwa malipiro atha, ntchito yonse imagwa.

Ndiye pali nkhani ya mabotolo a wasayansi wina, Andrew Dickson. Kuti labotale ya ku Chile ndi ya ku Norway zikhulupirirane, zonse ziyenera kuyesa makina awo pa madzi ofanana amene kaboni wake amadziwika ndendende. Kwa zaka pafupifupi 30, madzi amenewa ankachokera ku labotale imodzi yokha, ya Dickson ku Scripps Institution of Oceanography ku California, imene inkawathira m'mabotolo n'kuwatumiza padziko lonse. Mliri wa COVID-19 utatseka labotaleyo mu 2020, ofufuza m'mayiko ambiri anayamba kusunga timabotolo totsala ngati golide. Mpamene anthu anazindikira kuti sayansi yonse ya kaboni wa m'nyanja inatsamira pa chipinda chimodzi ndi thandizo la ndalama loyenera kupemphedwanso pakapita zaka zingapo. Kuchokera nthawi imeneyo pakhala kuyesetsa koti madera ena azipanganso madzi otere. Palibe nduna imene ingatchuke chifukwa cholipira mabotolo a madzi amchere, koma popanda iwo manambala a mayiko osiyanasiyana sangaikidwe pa tebulo limodzi.

Zida zatsopano zathandiza. Mu 2015 mpikisano wopanga zida zatsopano wa bungwe la XPRIZE, wa madola 2 miliyoni, unapereka mphoto zake zazikulu ku kampani yaing'ono ya Sunburst Sensors ya ku Montana chifukwa cha zida zoyezera pH zolondola komanso zotsikirapo mtengo. Mu 2020 bungwe la National Science Foundation la ku America linapereka madola 53 miliyoni opangira maroboti 500 oyandama, oyeza pH, okosijeni ndi nayitreti. Koma marobotiwa amamira mpaka mamita 2,000, choncho ntchito yawo ndi ya m'nyanja yakuya. M'madzi osaya, momwe muli asodzi ambiri, makorali ndi mizinda, ntchito idakali ya maboti ndi manja a anthu.

Nanga amalipira ndani? Kwakukulu ndi maboma, kudzera m'misonkho. Nkhani ya asidi inayamba kumveka kwambiri Ken Caldeira ndi Michael Wickett atalemba za iyo mu 2003, kenako bungwe la Royal Society la ku Britain litatulutsa lipoti lake mu 2005. Ndalama zinatsatira mofulumira ndithu. European Union inalipira pulojekiti yofufuza asidi wa m'nyanja yotchedwa EPOCA kuyambira 2008 mpaka 2012. Germany inayambitsa yake yotchedwa BIOACID mu 2009, Britain nayo inakhazikitsa pulogalamu yake mu 2010. Ku America nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la kafukufuku ndi kuyeza asidi wa m'nyanja mu 2009, ndipo bungwe la boma loona za nyanja ndi nyengo la NOAA linatsegula ofesi yoona za nkhaniyi mu 2011. Chigawo cha Washington, chimene alimi ake a nkhono anakhudzidwa ndi vuto lija, chinakhazikitsa komiti yapadera mu 2012 n'kutsegula likulu la kafukufuku pa University of Washington chaka chotsatira. Mbali ya ndere ndi okosijeni inali kale ndi njira zakezake: lamulo la ku America la 1998 lokhudza ndere zoopsa ndi kusowa kwa okosijeni, pulogalamu ya Chesapeake Bay, kugombe la kum'mawa kwa dzikolo, yoyambira mu 1983, ndi mgwirizano wa mayiko ozungulira nyanja ya Baltic umene unasainidwa ku Helsinki mu 1974.

Mukayang'anitsitsa zaka zimenezi muona zinthu ziwiri. Choyamba, mapulojekiti akuluakulu a ku Ulaya aja onse anatha. EPOCA inakhala zaka zinayi, BIOACID inafika 2017. Anagwira ntchito yotamandika, anaphunzitsa mbadwo wonse wa ofufuza, koma anali ndi tsiku lotsekera. Umu ndi mmene ndalama za sayansi zimayendera pafupifupi kulikonse: wofufuza amalemba pempho, anzake amaliunika, akapambana amalandira ndalama za zaka zitatu kapena zisanu, ndipo pempholo limayenera kulonjeza chinthu chatsopano. Kuyeza malo omwewo, mwa njira yomweyo, kwa chaka cha 25, sikumveka kwatsopano kwa oweruza. Ofufuza ambiri amakakamizika kubisa ntchito yoyezayo m'kati mwa funso lina looneka lamakono kuti ipitirire. Ngakhale Charles David Keeling, amene anayamba kuyeza carbon dioxide pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, analimbana ndi vuto lomweli kwa moyo wake wonse, ndipo mu mzere wotchuka wa miyeso yakeyo muli kampata ka miyezi ingapo mu 1964 pamene ndalama zinavuta. Ku Gulf of Mexico ulendo wa 2016 unalephereka chifukwa sitima inawonongeka. Chaka chimene sichinayezedwe sichibwereranso, ngakhale ndalama zitadzapezeka pambuyo pake.

Chachiwiri, matumba a ndalama ndi ogawikana. Za asidi zimadutsa ku ofesi ya nyanja ndi nyengo, za madzi onyansa ku ofesi ya zachilengedwe, za feteleza ku unduna wa zaulimi, za nsomba kwinanso. Ngakhale pa zolinga za United Nations za chitukuko chokhazikika, kuipitsa nyanja ndi michere ya feteleza kuli pa cholinga nambala 14.1 pomwe asidi ali pa 14.3, chilichonse ndi muyeso wake. Zotsatira zake n'zakuti pali magombe amene okosijeni ndi nayitrojeni akhala akuyezedwa kwa zaka 40 koma pH yake inkayezedwa ndi zida zosalondola mokwanira, ndipo pali ena amene ali ndi chida chabwino cha pH popanda woyeza zimene mtsinje ukubweretsa. Boti likapita kale kukatunga madzi, kuwonjezera botolo limodzi la kaboni ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi mtengo wa ulendowo. Opereka ndalama amene ayamba kuitanitsa mapempho ophatikiza mavuto onse awiri akuchita chanzeru, ndipo anachedwa.

Pali anthu amene amafunsa moona mtima kuti: popeza tikudziwa kale chimene chikuyambitsa mavutowa, bwanji ndalamazo osangozipititsa ku ntchito yokonza? Funsoli si lopusa. Kafukufuku amatha kukhala pobisalira andale osafuna kuchitapo kanthu, ndipo mawu oti tidikire zotsatira achedwetsa zinthu zambiri. Pa carbon dioxide palibe chodikira, mankhwala ake ndi kuchepetsa utsi. Koma pa michere ya feteleza, kukonza kumadya ndalama zochuluka kwambiri kuposa kafukufuku, ndipo kukonza mwachimbulimbuli n'kodula koposa. Nyanja simayankha mofanana paliponse. Kumpoto chakumadzulo kwa Black Sea kunali dera lakufa lalikulu zedi m'zaka za m'ma 1980. Maboma achikomyunizimu atagwa, feteleza n'kuchepa m'minda ya m'mbali mwa mtsinje wa Danube, deralo linachepa kwambiri m'zaka zochepa. Ku Tampa Bay ku Florida anachepetsa nayitrojeni wa m'madzi onyansa kuyambira chakumapeto kwa m'ma 1970, ndipo panatenga zaka zoposa 30 kuti udzu wa pansi pa nyanja ubwerere pa mlingo wa m'ma 1950. Pambuyo pake unayambanso kuchepa. Ku Baltic mayiko achepetsa zimene amathira m'nyanja, koma fosiforasi wakale anaunjikana m'matope a pansi, ndipo okosijeni akasowa matopewo amamutulutsanso n'kudyetsa ndere zatsopano. Ku Seto Inland Sea ku Japan anachepetsa michere mpaka alimi a zomera zam'nyanja ndi asodzi anayamba kudandaula kuti madzi asauka, moti mu 2021 lamulo linasinthidwa kuti madera ena aziloledwa kuwonjezerako pang'ono. Nayitrojeni amene analowa m'madzi a pansi pa nthaka amatha zaka makumi asanatulukire mumtsinje. Mlimi amene wauzidwa kuti asinthe kalimidwe kake, n'kuona kuti patatha zaka khumi gombe silinasinthe, ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake, ndipo popanda miyeso palibe angamuyankhe zoona.

Ndalama zimafunikanso pa ntchito imene asayansi eni ake saikonda kwenikweni, yobwereza kafukufuku wa ena. M'zaka zozungulira 2010 panatuluka malipoti angapo onena kuti asidi amasokoneza nsomba za m'makorali mpaka kumasambira molunjika kwa adani awo. Nkhaniyi inafala kwambiri. Mu 2020 gulu lina la ofufuza linabwereza zoyesazo kwa zaka zingapo, likujambula zonse pa vidiyo, ndipo silinapeze kusokonezeka kwakukulu kumene kunanenedwako. Zimenezi sizikufafaniza umboni wa zigoba ndi makorali, umene ndi wolimba ndipo umaoneka ngakhale m'chilengedwe momwemo: kufupi ndi chilumba cha Ischia ku Italy ndi ku Papua New Guinea, kumene carbon dioxide amabwatamuka kuchokera pansi pa nyanja, mitundu ya zamoyo za zigoba imachepa munthu akamayandikira pamene mpweyawo ukutulukira. Koma zikuonetsa kuti njira yoperekera ndalama imene imakonda zotsatira zodzidzimutsa imatha kukweza nkhani yofooka. Amene amasamaladi za nyanja ayenera kukhala oyamba kufuna kuti zonena zawo ziyesedwe kawiri, chifukwa chinthu chimodzi chokokomezedwa chimapatsa mpata otsutsa kuti akane zonse.

Kusiyana kwakukulu koposa ndi kwa malo. Lipoti la bungwe la UNESCO la 2020 linapeza kuti mayiko amapereka pafupifupi 1.7 peresenti yokha ya ndalama zawo za kafukufuku ku sayansi ya nyanja, ndipo ndalama zochepazo zinaunjikana m'mayiko olemera. Mapu a malo oyezera asidi ndi odzaza ku North America, ku Ulaya, ku Japan ndi ku Australia, koma magombe a Africa, a kumwera kwa Asia ndi a zilumba zambiri za Pacific ali ndi timadontho tapatalipatali. Chonsecho kumeneku n'kumene mizinda ya m'mphepete mwa nyanja ikukula mofulumira kwambiri, madzi onyansa ambiri amalowa m'nyanja osatsukidwa, feteleza akuyembekezeka kuchuluka chifukwa anthu akufunika chakudya, ndipo mabanja mamiliyoni amadalira nsomba za m'madzi osaya ndi makorali otchinga mafunde. Mapu a madera akufa nawonso amaonetsa ochepa kumeneku, ndipo mbali ina ya chifukwa chake n'chakuti palibe anapita kukayeza.

Pali zimene zikuchitika. Mu 2012 asayansi anakhazikitsa mgwirizano wa padziko lonse woyeza asidi wa m'nyanja wotchedwa GOA-ON, womwe uli ndi nthambi ya Africa, ndipo bungwe la International Atomic Energy Agency linatsegula likulu ku Monaco lophunzitsa ofufuza a m'mayiko osauka. Bungwe la The Ocean Foundation lakhala likugawa zida zotsika mtengo zokwana kuyambitsira kalabotale kakang'ono. Bungwe la asayansi a nyanja a kumadzulo kwa Indian Ocean la WIOMSA, lomwe likulu lake lili ku Zanzibar, lathandiza ofufuza a ku Kenya, Tanzania, Mozambique, South Africa, Mauritius ndi Seychelles kuyamba kuyeza magombe awo. Pa nayitrojeni, mayiko angapo anagwirizana ku Colombo, m'dziko la Sri Lanka, mu 2019 kuti nayitrojeni wotayika achepe ndi theka pofika 2030, ndipo mgwirizano wa zachilengedwe wa ku Montreal wa 2022 unaikanso cholinga chofanana nacho pa michere yotayikira m'chilengedwe.

Koma thandizo lochokera kunja limabweranso ndi matenda aja a zaka zitatu, ndipo kuno amaluma kwambiri. Wofufuza amapita kukaphunzira, amabwera ndi zida, amayeza kwa zaka ziwiri, pulojekiti n'kutha. Mankhwala a mu labotale akatha amayenera kuitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja, n'kudikira miyezi padoko. Chida chikafuna kukonzedwa chimatumizidwa kwa amene anachipanga, kutsidya la nyanja. Wophunzira amene anazolowera ntchitoyo amapeza malo kwina. Palinso chizolowezi chakale choti ofufuza akunja amabwera, kutunga madzi, kupita nawo kwawo, n'kusindikiza zotsatira m'magazini amene eni gombe sangakwanitse kuwagula. Wopereka ndalama amene akufunadi kuti gombe lina lidziwike ayenera kulipira malipiro a katswiri wa mu labotale, mafuta a boti, mankhwala ndi kukonza zida kwa zaka zosachepera khumi, ayenera kulola ofufuza a komweko kusankha mafunso ndi malo oyeza, ndipo ayenera kuonetsetsa kuti manambala onse aikidwa poti aliyense angawapeze. Maboma a mayiko a m'mphepete mwa nyanja nawo sangasiyire alendo ntchito yonse. Malo awiri kapena atatu oyezera, oikidwa pa mathiriro a mitsinje ikuluikulu ndi kulembedwa mu bajeti ya chaka ndi chaka monga zimakhalira ndi ofesi yoona zanyengo, mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa malo amodzi otsukira madzi onyansa, ndipo ndi amene adzauze boma ngati malo otsukirawo akuyenera kumangidwa pa mtsinje uwu kapena uwo.